Mbalame Imene Inafera pa Mbendera

Ananditenga Lolemba m'mawa, tili pa mzere wa asembule. Ahedi ataitana dzina langa, ndinayesa ndi nkhani ya chule amene ndinaika m'chikwama cha aphunzitsi a masamu. Koma pakhomo la ofesi panaima apolisi awiri.

Chiyambi chake ndi ichi. Kunabwera ovina ochokera ku dziko lina lozizira, alendo a Chipani, kudzaonetsa gule wawo wotchedwa bale mu holo ya ku mgodi. Ife a Fomu 4 anatitenga kukadzaza mipando. Amuna ovala zothina tinawaseka mpaka misozi. Kenaka panatulukira mayi wina wowonda, wovala zoyera, akuyenda ndi nsonga za zala ngati pansi pakuwotcha. Manja ake analibe mafupa. Ananjenjemera, napinda mwendo, nagona pang'onopang'ono ngati mbalame yolasidwa. Holo yonse inangoti zii. Ine sindinaseke, ndipo chifukwa chake sindichidziwa mpaka lero.

Lachisanu tinkadikira mkulu wa Chipani pabwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo. Nditatopa ndinavula nsapato, ndinayenda ndi zala ndikukupiza manja, n'kukafera patsinde pa mbendera. Anzanga anafa ndi phwete. Galimoto ya mkulu uja inali italowa kale.

Ku polisi anandisunga mpaka Lachinayi. Za chipindacho ndingonena kuti tinalimo ambiri, ndowa imodzi. Lachiwiri dzanja la a Sajeni linandipeza kangapo; khutu lakumanzere limalirabe kukazizira.

"Iwe mwaiche, kamwana iwe, chinafa pa mbendera paja n'chiyani? Chipani?"

"Mbalame, bwana."

"Mbalame yanji?"

"Sanatiuze, bwana."

"Anakutuma ndani? Tchula tichala, upite kunyumba. Ukakana, sukulu waiona komaliza, ndi atate ako ku mgodi ntchito yatha."

Ankafuna aphunzitsi a Chingerezi, amene anatiperekeza ku holo. Ndinaganiza za atate ndi nyumba yathu ya ku Chowa. Dzinalo linafika palilime. Koma ine bodza lopanda nthabwala sindilitha.

Lachinayi kunabwera bwana wamkulu wovala suti.

"Vina tione."

Ndinavina pasimenti, dzanja limodzi litagwira kabudula poti lamba anali atandilanda. Ndinafera pafupi ndi tebulo lake.

"Unazitenga kuti zimenezi?"

"Kwa mayi uja munatibweretsera inu nomwe, bwana. Tonse tinamuombera m'manja, ndi mkulu wa Chipani yemwe."

A Sajeni anaimika cholembera m'malere. Kulemba mawu amenewo kunali kuika alendo a Chipani pamlandu.

Bwana uja anayang'ana pawindo.

"Ndinalipo, mzere wachiwiri," anatero. "Mayi uja sanagwe ngati thumba la malasha ayi. Mutu unali womaliza kufika pansi. Choka."

Ndinayenda wapansi mpaka ku Chowa, lamba ali m'manja. Atate anandiyang'ana khutu, m'mawa mwake n'kupita ku ntchito. Aphunzitsi aja sanadziwe konse kuti dzina lawo linagona masiku atatu m'kamwa mwanga.

Anthu amandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji. Koma ine sindidziwa ngati anandimasula chifukwa ndinalibe mlandu kapena chifukwa ndinavina moipa. Chimene ndidziwa n'chakuti tsiku lomwelo, kuseri kwa nyumba, ndinavulanso nsapato n'kuyesanso, mutu womaliza. Bwana uja sananame.