Mababu Anayi a Geoffrey Ngozo

Geoffrey Ngozo wa ku Kandeu amakonza mawailesi, koma kale ukamufunsa ntchito yake ankayankha kuti ndi woimba gitala. Ine ndinamuimbira ng'oma zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye ndikanena kuti munthuyu anali wa mtima wapachala, sindikumunamizira.

Nyimbo zake zinali za hevi meto, zija gitala imalira ngati macheka akudula chitsulo. Anazimvera ku Joni komwe anakagwirako ganyu pagalaja. Pobwerera, anzake atanyamula mabulangete ndi njinga, iye anasenza ampulifaya yakale yokuzira mawu a gitala, yolemera ngati thumba la kachewere. Kumbuyo kwake kunali mababu anayi agalasi. Ukaiyatsa umayenera kudikira kuti mababuwo afiire kaye, ndipo akatentha mawu ankatuluka onenepa, ogunda pachifuwa. Ena osinthira anawafufuza mpaka ku Lilongwe osawapeza, choncho ankawasamala kuposa mkazi wake Christobel, ndipo Christobel ankadziwa zimenezo.

Oimba ena onse anali ndi maampulifaya a matranzisita, opanda mababu, opepuka, oti ngakhale agwe pa kabaza umawatola akulirabe. Geoffrey ankawanyoza.

"Zanuzo zimalira ngati udzudzu uli m'chitini," ankatero.

Mnzathu wina atamuyankha kuti ya matranzisita ndiyo imaluma bwino pa nyimbo zothamanga, Geoffrey anamugenda ndi pulayala. Kunena zoona mnzathuyo sananame, koma ndani akanabwereza?

Paja tsoka silinunkha. Linatipeza tikuimba pa ukwati wa Tisungane, mng'ono wa Christobel, masana a mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Mlongo wawo Nicholas ankagwira ntchito pachigayo, komwe injini ikatentha mankhwala ake ndi madzi. Anali munthu wofatsa, wokonda kuthandiza asanapemphedwe. Akudutsa kumbuyo kwathu anakhudza ampulifaya, n'kumuotcha. Atasuzumira anaona mababu ali psuu.

"Alamu, makina akupsa!" anakuwa Nicholas.

M'phokoso limenelo akanamva ndani? Iye anathamangira ndowa ya madzi osamba m'manja, n'kukhuthulira yonse pamababu paja.

Magalasi anaphulika, utsi unatuluka, gitala n'kungoti zii. Geoffrey anacheuka, anaona madzi akudontha m'bokosimo, kenako anaona ndowa m'manja mwa mlamu wake. Anamugwira pakhosi ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kumamusinja pakamwa. Kamodzi, kawiri, kachitatu Nicholas anagwera pa tebulo la akwati, magazi n'kuthovokera pa diresi la Tisungane. Geoffrey anamukwerabe pachifuwa. Abale a Nicholas anabwera ndi mabenchi, a kwa Ngozo anazula mitengo ya chisakasa, amayi akulira, mbale zikuuluka. Ine wosalakwa ndinalandira benchi pamsana, ndipo ng'oma yanga wina anaiboola ndi chidendene. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Nicholas anataya mano atatu. Koma dzino limodzi linali litang'amba nkhonya ya Geoffrey mpaka pafupa. Christobel anamuchonderera kuti apite kuchipatala, iye anangokulungapo tepi yamagetsi, ati mwamuna salira ndi kachilonda. Dzanja linatupa, linayamba kununkha. Pomwe tinkamunyamula kupita naye kuchipatala patatha masabata awiri, madokotala anadula zala ziwiri, ndipo zotsalazo zinauma osapindanso. Limenelo ndilo dzanja lokanikizira nsambo za gitala.

Chaka chitatha, tsiku lina m'mawa ndili kushopu kwa Geoffrey, Nicholas analowa atanyamula kabokosi. Anali atachonderera dalaivala wina wa thiraki ya ku Joni mpaka anamupezera mababu anayi.

"Alamu, ine ndinkayesa ndikukuthandizani," anatero, mawu akupulumukira m'magweru. "Pepani."

Geoffrey anatsitsa ampulifaya pashelefu, anakonza zopsa zam'kati ndi dzanja limodzi ine ndikumugwirira waya, analowetsa mababu, n'kuyatsa. Tinadikira tonse atatu mpaka anafiira. Anakoleka gitala paphewa, anaika dzanja lamanzere pansambo, zala n'kukana. Anayesanso, thukuta lili kamukamu. Ampulifaya inkangong'ung'udza, yamoyo ngati kale.

Kenako anavula gitala n'kukhala pansi, nayamba kulira mokweza pamaso pa mlamu wakeyo. Nicholas anafunsa ngati azimitse ampulifaya. Geoffrey anapukusa mutu kuti aisiye.