Hutala ya a Tano

Msewu wokwera kwathu uli ndi makona makumi awiri ndi atatu. Sindinawawerenge ndi maso ayi, ndinawawerenga ndi makutu, chifukwa a Tano ankaliza hutala pa kona iliyonse. Msewuwo ndi wopapatiza, mbali ina khoma la phiri, mbali ina phompho, ndipo wosaliza hutala amakumana maso ndi maso ndi lole ya khofi. Phokoso limayenda bwino m'chigwa chathu, moti ngakhale wa nyumba yomaliza pamwamba penipeni ankawamva a Tano kuyambira kona yoyamba.

Dzina lawo lenileni linali Cayetano Marrero, koma limeneli ankalidziwa ndi wansembe yekha. Galimoto yawo yamatola ndiyo inkalumikiza phiri lathu ndi tauni, kutsika m'mawa, kukwera dzuwa likangopendeka. Ankanyamula anthu, nkhuku, feteleza, mankhwala ndi makalata. Anali munthu wamfupi, wamakani, wosafuna kuuzidwa kanthu, ndipo ankayenda motsimphina chifukwa zala zitatu za phazi lamanzere anazisiya ku Korea. Sichinali chipolopolo chimene chinazidula, chinali chisanu.

Ife a ku Puerto Rico nkhondo za Amereka zimatipeza tili m'munda wa khofi. Bambo awo a Tano anakalondera ngalande ya Panama pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nabwerako ndi malungo. Mkulu wa a Tano anapita ku yachiwiri, nabwerako ndi ludzu la mowa limene silinathe mpaka manda. A Tano anapita ku Korea mu 1951. Anyamata akawafunsa kuti anapambana ndani kumeneko, iwo ankalavula kaye kunja kwa zenera.

"Ine ndinapita, ndinazizidwa, ndinabwera. Malire amene tinawapeza ndi omwewo tinawasiya. Wopambana mukamfunse amene anatola zala zanga."

Ine, Eufemia, ndine amene ndinanyamula mwana wawo yekhayo, Efraín, pa ubatizo. Chifukwa cha chimenecho iwo ankanditcha komai, ine ndinkawatcha kompai, ndipo ubale umenewu unkatipatsa ufulu wokangana ulendo wonse. Ankati dengu langa limadya mpando wa anthu awiri. Ine ndinkati galimoto yawo ndi yakale kuposa tchalitchi, ndipo imayenda ndi mapemphero a okwera. Mkazi wawo Provi anali mnzanga wa ponda apa m'pondepo, mayi wofatsa, wowerenga zinthu mumtima osauza munthu.

Kenaka kunabwera Vietnam. Makalata oitana anyamata ankakwera phiri m'galimoto ya a Tano, ndipo anyamatawo ankatsika m'galimoto yomweyo. Efraín ndi mwana wanga Wilo anachoka m'mwezi umodzi, mu 1967. Provi anatha sabata yathunthu osawalankhula amuna ake, ati sakanatha kuyang'ana munthu amene ananyamula yekha mwana wake kukampereka.

Nyumba zathu zilibe manambala, ndipo palibe amene amadziwika ndi dzina la papepala. Ndiye asilikali obweretsa uthenga wa maliro, amene ankabwera awiriawiri m'galimoto yobiriwira, ankaima pabwalo la m'tauni n'kufunsa munthu wowalondolera njira. Aliyense ankawalozera kwa a Tano, amene ankadziwa mayina onse chifukwa cha makalata. Ulendo woyamba unali wa mwana wa mayi Basilia, mu 1966. A Tano anakwera phiri lonse, galimoto yobiriwira ili pambuyo, osaliza hutala ngakhale kamodzi. Pambuyo pake anandiuza kuti sanachite kuganiza, dzanja linangokana. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu anachita chimodzimodzi, akuyenda pang'onopang'ono ngati wonyamula mazira.

Phiri linaphunzira. Ikakwana wani koloko, mayi aliyense amene mwana wake anali ku nkhondo ankasiya zonse n'kutchera khutu. Hutala ikamveka pa kona yoyamba, tinkapuma n'kubwerera ku mphika. Koma injini ikamveka yokha, popanda hutala, tinkathamangira kumsewu, aliyense akupempha kuti galimotoyo idutse pakhomo pake. Palibe amene anapangana ndi a Tano za chizindikiro chimenechi, ndipo palibe anachitchulapo pamaso pawo.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachiwiri, mwezi wa Malichi, 1968. Panthawiyo anyamata asanu a paphiri pathu anali ku Vietnam. Ndinatsikira m'tauni kukagula ulusi ndi nsomba yamchere, ndi kukaponya kalata ya Wilo. Ndinali nditakhala kale kutsogolo, dengu lili pamiyendo, pamene galimoto yobiriwira inaima patsidya pa bwalo. Anatsika amuna awiri ovala yunifolomu yosita bwino. Mmodzi anali wa kwathu konkuno, anafunsa wogulitsa malalanje, ndipo wogulitsayo analoza kwa ife ndi milomo.

Anawaitanira a Tano pansi pa mtengo n'kuwaonetsa pepala. Ndinkaona msana wawo wokha. Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati ngati muli chinachake, n'kuchivalanso. Bambo wina amene anakhala kumbuyo ndi thumba la feteleza anati waiwala chinthu kusitolo, natsika, osabweranso. Ndinatsala ndekha.

A Tano analowa n'kuliza injini.

"Kompai, ndi wa ndani?"

"Tsekani bwino chitsekocho, komai. Chimatseguka chokha."

Ndinafunsanso, ndipo anandiyankha kuti asilikaliwo salola kuti wina amve mayi wake asanamve. Nkhope yawo inali ngati yosema pamtengo. Tinatuluka m'tauni, galimoto yobiriwira ikutitsatira, ndipo ndinakonzeka kukwera phiri mwakachetechete monga maulendo atatu aja.

Pa kona yoyamba a Tano analiza hutala. Anailiza nthawi yaitali, kuposa masiku onse. Ndinacheuka, mwina asilikali aja apatukira kwina, koma anali pomwepo, pambuyo pathu. Pa kona yachiwiri analizanso.

"Mukuliziranji? Anthu aziyesa kuli bwino."

Pa kona yachitatu analizanso. Mtima wanga unayamba kuwerenga wokha. Ngati akuliza, ndiye kuti pali munthu amene sakufuna kuti adziwe. Ndipo munthu amene anali naye pafupi, amene akanafuna kumunamiza, ndinali ine.

Nyumba yoyamba ya mayi wa msilikali inali ya Ramonita, pa kona yachisanu. Tinampeza akuyanika zovala. Anatikwezera dzanja akumwetulira, chifukwa anali atamva hutala, kenaka anaona chimene chinali pambuyo pathu, ndipo nsalu inamgwa m'manja. Sitinaime. Ndinena zoona ngakhale zikundichititsa manyazi: ndinafuna kuti tiime. Ramonita sanandilakwirepo kanthu, mwana wake ankandithyolera mapeyala, koma ndinafuna ndi mtima wonse kuti a Tano aponde buleki pakhomo pake.

Tinadutsa nyumba yachiwiri, tinadutsa yachitatu. Pa iliyonse ndinkayang'ana phazi la a Tano, ndipo phazilo silinasunthe. Tinatsala awiri, ine wa pa kona ya khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndi Provi wa pamwamba.

Ndinayamba kuwatukwana. Ndinawauza kuti ndi munthu wouma mtima, kuti chisanu cha ku Korea sichinathere ku zala zokha, kuti ngati ndi Wilo angondiuza ndidzigwetse m'phomphomo zithe. Kenaka ndinawapepesa, n'kuwachonderera m'dzina la ubatizo umene unatilumikiza. Iwo ankangosintha magiya. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo mpaka kolala inanyowa. Titafika pa mlatho, pamene msewu umawongoka ndipo munthu amaona kutsogolo bwinobwino, analizanso hutala. Panthawiyo sindinaganizepo kanthu.

Pakhomo panga anaponda buleki. Galimoto yobiriwira nayo inaima pambuyo.

Ndinaona khonde langa, mpando umene Wilo ankakhalapo posenda nthochi, nkhuku zikupalasa pansi pake. Chitseko chija chotseguka chokha sindinachitsegule. Ndinkadikira kumva zitseko za asilikali zikutseguka.

"Komai Femia," anatero a Tano, maso ali kutsogolo. "Monga ndikudziwira ine, Wilo wanu ali moyo. Kaikeni dengulo pakhonde mubwere. Provi afunika munthu womugwira, ine manja angawa sangathe."

Chimene chinayamba kufika mumtima mwanga chinali chimwemwe. Chinafika chisoni chisanafike, chinandidzaza mpaka kukhosi, ndipo mpaka lero sindinadzikhululukire. Efraín anali mwana amene ndinamunyamula pamaso pa Mulungu, amene anandikodzera pa diresi yanga yatsopano tsiku la ubatizo, ndipo ine ndinakondwa kuti ndi iye.

Dengu sindinalitsitse. A Tano anatsika, napita motsimphina kwa asilikali aja kukawapempha kuti atsalire kona imodzi m'mbuyo. Iwo anavomera. Atabwerera ndinawagwira mkono, koma anandichotsa dzanja mwaulemu n'kunena kuti akufunika kuwongolera. Makona asanu otsalawo analiza onse, limodzi ndi limodzi, monga munthu wobwera kunyumba kudzadya.

Masiku onse Provi akamva hutala ya kona yomaliza ankakhala atapakula kale mpunga ndi nyemba, khofi ali pamoto. Tsiku limenelo tinampeza atakhala pampando pakati pa bwalo. Anali atavula epuloni, atapesa tsitsi, manja ali pamiyendo. Sanayang'ane ine. Anadikira amuna ake atsike n'kuima pamaso pake.

"Lero mwaliza kamakumi awiri ndi kanayi," anatero. "Pa mlatho palibe kona, a Tano. Zaka khumi ndi zinayi simunalizepo pamenepo."

A Tano anavula chipewa. 

"Ndimafuna mukhale naye wamoyo mpaka ndifike."

"Ndinakhala naye mpaka pa mlatho," anatero Provi.

Apo n'kuti galimoto yobiriwira ikutulukira pa kona yomaliza. Provi anaimirira yekha, nawongola diresi, ndipo anamvetsera zonse zimene asilikaliwo ananena mpaka kumapeto. Anagwa atachoka, ndipo ndinamgwira monga anandipemphera amuna ake.

Madzulo ake amayi ena aja anabwera kudzakhuza. Ramonita sanawapatse moni a Tano, ndipo anatha chaka asanakwerenso galimoto yawo. Sindimuweruza. Kuyambira tsiku limenelo hutala inasiya kutiuza kanthu. Tinkaimva wani koloko monga kale, koma mtima sunkatsika mpaka titaona ndi maso kuti pambuyo pa a Tano palibe galimoto ina. A Tano anatilanda chimenecho kuti agulire mkazi wawo mphindi zochepa, ndipo ngakhale mphindizo sanazipeze zonse.

Bokosi la Efraín linafika patatha masiku khumi ndi awiri, lokutidwa ndi mbendera. A Tano anakana kuti likwere phiri m'galimoto ya wina. Anachotsa mipando yakumbuyo, nati amene anamtsitsa ndi amene amkweze.

Wilo anabwera chaka chotsatira ndi miyendo yonse iwiri, koma khofi sanathyolenso, ndipo ndege ikadutsa ankalowa m'nyumba. Mu 1975 wailesi inalengeza kuti Aamereka omaliza achoka ku Vietnam ndipo mzinda waukulu wagwa m'manja mwa adani awo. Tinali m'galimoto, pafupi ndi kona yachisanu ndi chinayi. Mnyamata wina wasukulu anafunsa a Tano kuti ndiye kuti taluza. Iwo anathimitsa wailesi n'kumuuza kuti achotse chigongono pazenera.

Anayendetsa matola zaka zina khumi, mpaka maso atayamba kuchita nkhungu. Tinkakanganabe za dengu langa, koma za ulendo uja sitinakambepo ngakhale kamodzi. Makani awo sanathe, ndipo galimoto itafa anaisiya pabwalo kuti nkhuku ziziikiramo.

M'zaka zonse zimene anayendetsa pambuyo pa Lachiwiri lija, ankaliza hutala pa mlatho tsiku lililonse, msewu uli mbee, popanda lole kapena mbuzi. Okwera achilendo ankasekerera pansi kuti mkuluyu wayamba kukalamba. Ine nthawi zambiri ndinkakhala kwa Provi ikamakwana wani koloko, tikusankha nyemba pakhonde. Ikalira ya pa mlatho, manja ake ankaima pang'ono m'lichero, kenaka ankadzuka kukaika khofi pamoto.