Timizere ta pa Lupanga la Bambo a Madamu

Lamlungu lapitali Esinati, mnzanga wa kutchalitchi amene amagwira ntchito ya m'nyumba kuno kudziko la eni, ku Jumeirah, anandiimbira foni akulira. Madamu anali atamuuza kuti alongedze katundu. Mukudziwa nokha kuchotsedwa ntchito nthawi ya Covid ino: pogona palibe, viza yathera pomwepo, ndege za kwathu nazo n'zosadalirika.

Mlandu wake? Madamu analamula kuti chilichonse m'nyumba chipukutidwe poopa kachilombo. Esinati anapukutanso kachitsulo kozungulira, kabowo pakati, kamene kamatchinga dzanja pa lupanga la Chijapani. Kanali ka malemu bambo a madamuwo, ndipo kamasungidwa m'kabokosi. Fumbi litachoka, m'mbali mwa bowolo munaoneka timizere tangati popalasa nkhuku. Madamu akuti Esinati wakakanda ndi sitiliwulu.

"Unakakandadi?" ndinamufunsa.

"Ayi asisi, nsalu yokha."

"Ndiye unawayankha chiyani?"

"Ndinangoti sorry madam. Khalas, basi, ndikanatani ine?"

Ndinapsa mtima, ndipo sindibisa, ndinapsera mtima Esinati yemweyo. Ndinamuuza kuti asatseke sutikesi, ajambule kachitsuloko anditumizire.

Ine Chijapani sindichidziwa ngakhale moni. Koma timizereto tinali tondondozana bwino, kutsika m'munsi mbali zonse ziwiri. Sitiliwulu yake iti yodziwa kufola chonchi? Ndinatumiza chithunzicho kwa mayi wina wa ku Japan amene timagwira naye ntchito kudera la JLT. Zilembo zina zinamuvuta, akuti n'zachikale, choncho anafunsa amalume ake kwawo. Yankho linabwera: kumanja kwalembedwa tauni imene kunkakhala mmisiri, kumanzere dzina lake ndi mawu oti "anapanga". Anazokota ndi tchizulo agogo athu asanabadwe.

Ndinavala masiki, ulendo wa ku Jumeirah. Tinakambirana pageti, motalikirana. Madamu anayang'ana foni yanga, anayang'ananso kachitsuloko, misozi ili lengelenge. Zaka zonsezi sankadziwa kuti pa chinthu cha bambo awo pali dzina la munthu. Esinati anauzidwa kuti amasule katundu.

Kenako madamu anandifunsa funso limene likundiwawabe: "Nanga ngati sanalakwe, anapepeseranji?"

Matenda opepesa usanalakwewa tili nawo ambirife. Anatilera kuti wamkulu akakwiya uzigwada, nkhani ithe. Kwathu zimatheka, pakuti mawa lake wina amakakunenera. Kuno ukapepesa wavomera mlandu, ndipo amene angakuyankhulire palibe.

Sindikuti tiyambe mwano ayi. Ulemu ndi wathu, tisautaye. Koma "sindinachite, tiyeni tifufuze" nawonso ndi mawu aulemu, ndipo ine ndatsimikiza kuti aliyense wondiimbira akulira ndiziyamba ndamuphunzitsa amenewa.

Esinati anapulumuka chifukwa mmisiri uja anasiya dzina lake pachitsulo. Nanga inu, tsiku limene adzakunamizireni popanda cholembedwa chilichonse, mudzatsegula pakamwa kapena mudzatsegula sutikesi?