Tsiku Limene Ndinatuluka Pamzere wa Malipenga

Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa, ndipo amene anandinamiza ndi munthu wa mufilimu, woti sindinamudziwe n'dzina lomwe.

Matipate atangoyamba kumene ndinkaperekera zakudya pa loji ina ku Kande. Alendo akachepa, mwini loji ankaika pa vidiyo mafilimu akalekale, akuda ndi oyera aja. Masana ena ndikupukuta matambula ndinaona gulu la oimba jazi, anthu akuda ngati ife, atatchena masuti. Pakati pa nyimbo mmodzi anaimirira ndi lipenga lake lachitsulo, anzake onse n'kutsitsa zoimbira zawo, wang'oma n'kumangogunda pang'onopang'ono. Bambo uja anaimba yekha, kukweza, kutsitsa, kulira ndi kuseka ndi lipengalo. Mayo ine! Ndinaiwala kuti ndili pantchito.

Kwathu ku Chintheche ndinkavina malipenga. Gulu lathu timalitcha boma, ndipo limakhala ndi kingi, asilikali, ngakhale dokotala wake. Kingi anali bambo anga. Malipenga athu ndi a zipanda, pabowo timamatapo nembanemba ya kangaude kuti mawu azinjenjemera. Lamulo ndi limodzi: phazi limodzi, mawu amodzi. Wosokoneza mzere pamaso pa alendo amavulidwa yunifolomu, sabwereranso. Ine ndinadikira zaka zambiri kuti ndilowe mzere wakutsogolo, ndipo chaka chimenecho ndi pamene ndinalowa.

Koma filimu ija inali itandilowa m'mutu. Ndinkapita kumunda wa chinangwa ndi chipanda changa kukayeserera ndekha. Ndinauza munthu mmodzi basi, mlamu wanga woimba ng'oma yaikulu.

"Alamu, mukaona ndatuluka pamzere, mutsitse ng'oma."

"Mwapenga kodi? Ada, bambo anu, akudziwa zimenezi?"

"Adzadziwa akamva nthungululu."

Anangoseka, ine n'kuyesa wavomera. Uchitsiru wanga unali pamenepo.

Tsiku la mpikisano kunabwera boma la ku Limphasa. Anavina bwino, sindinama. Ife tinalowa dzuwa lili paliwombo, makabudula oyera, masokosi ofika m'mawondo, bambo ali pampando mamendulo ali pachifuwa. Nyimbo yoyamba inadutsa. Pa yachiwiri thukuta linadzaza m'manja, chipanda n'kumaterereka. Pa yachitatu ndinati zivute zitani, n'kuponya phazi kunja kwa mzere.

Ndinayamba. Ng'oma osatsika! Mlamu anali kuyang'ana kumwamba ngati sakundidziwa, akuimenya mwamphamvu kuposa kale. Amene anali kumbuyo kwanga anasowa chochita: awiri ananditsatira, ena anayesa kutseka mpata, mzere wonse n'kukhotakhota. Nthungululu zinazima. Ine ndinapitirizabe, poti kusiya kunkandiopsa kuposa kupitiriza. Ndinakweza mawu mpaka pakhosi panawawa. Kumbali ya alendo wina anakuwa kuti, "Kodi uyu walumidwa n'chiyani?" anzake n'kufa nazo kuseka. Koma mtsogoleri wawo wa malipenga sanaseke. Anaima chilili, akumvetsera.

Ndinacheukira kwa bambo. Nkhope yawo sinasinthe. Anangokweza ndodo n'kuloza dokotala. Dokotala wa boma ntchito yake ndi kuyendera mizere ndi chikwama chake, ndipo ambiri amamuona ngati wongokometsera gule. Tsiku limenelo anaigwiradi ntchito. Anafika ndi amuna awiri, kundigwira pachipumi, n'kulengeza mokweza kuti msilikali wagwidwa malungo aakulu. Anandinyamula wina miyendo wina m'khwapa, anthu akuomba m'manja poyesa kuti ndi sewero lokonzeratu. Boma linapulumuka. Ine anakanditula pansi pa mtengo wa mango, ndikulira ndi ukali, munthu wandevu zanga.

M'mawa mwake bambo anandiitana pamaso pa akuluakulu a boma. Ndinakhala pansi.

"Ada, ine ndimafuna kuti tipambane."

"Bweretsa yunifolomu," anatero. "Kabudula, masokosi, lamba, zonse."

Mkulu wina anayesa kundipepesera kuti ndi koyamba. Bambo anamudula.

"Akanakhala mwana wa wina ndikanamva. Uyu ndi wanga. Ndikamusiya, mawa ndidzavula ndani?"

Ndinakatenga zovalazo, zili zochapachapa, n'kuziika pamapazi pawo. Mlamu anali pomwepo, maso ali pansi. Ndinatha miyezi osamulankhula, ndipo sindikupepesa.

Chaka chotsatira inali nthawi yathu yopita ku Limphasa. Ndinapita ngati munthu wamba, ntchito yanga kuima kumbuyo kwa mpando wa bambo nditawagwirira ambulera. Eni bwalo atafika pakati pa nyimbo ina, ng'oma zawo zinatsika mwadzidzidzi. Mmodzi anatuluka pamzere n'kuyamba kuimba yekha. Abale inu, kaimbidwe kanga komwe kaja! Bwalo lonse linasokosera, amayi kuthamanga kukamupukuta thukuta ndi zitenje. Ine magazi anawira, ndinafuna kukamulanda chipandacho.

Bambo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka, osacheuka n'komwe, anati, "Ameneyu mpweya ukumuperewera. Iwe unkafika pamwamba."

Ndinawerama kufupi ndi khutu lawo.

"Ndiye ndibwerere, Ada?"

"Ayi," anatero. "Gwira bwino ambulerayo, dzuwa likundiotcha."