Masiku Atatu Opopera Nsomba Mpweya

Ine ndinakulira m'nyumba yonunkha matemba. Mayi anga ankagulitsa nsomba zouma pamsika ku Zomba, ndipo kwathu nsomba inali ndi ntchito imodzi basi, kulowa mumphika. Ndiye mumvetse mmene mtima unandiwawira pamene amuna anga anabwera ndi thanki yagalasi yaitali ngati bedi la mwana, n'kuikhazika pabalaza pomwe ine ndinkafuna kuikapo kabati ya mbale.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Bambowo ankagwira ntchito kubungwe lina la mayiko ambiri ku Nairobi, ana athu awiri anali kusukulu yogonera konko kumudzi, ndipo ife tinkakhala awiriwiri m'nyumba ya lendi ku Westlands. Ulendo wina atapita ku Mombasa, mnzawo anawalowetsa m'nyanja atavala galasi kumaso. Anabwerako munthu wina. Kuyambira pamenepo, akapita kugombe ankatsika sitima ndi zigubu za madzi amchere, miyala yobookabooka yomwe ankati ndi yamoyo, ndi tinsomba m'matumba apulasitiki. Amuna a anzanga ankabwera ndi zitenje. Anga ankabwera ndi madzi!

M'thankimo munali tinsomba tiwiri ta mtundu wa lalanje ta mizere yoyera, titatu tobiriwira ngati thambo, ndi kamodzi kachikasu ka mlomo wautali, komwe kanali kapamtima pawo. Munalinso chinthu china chonga duwa chomwe chinkagwedeza tizala take tsiku lonse, ndipo ta lalanje tija tinkagona mmenemo. Zonsezi zinkadalira magetsi. Panali pampu yotulutsa timathovu ta mpweya, yolira ng'iii usana ndi usiku, panali nyale, panalinso kachitsulo kotenthetsa madzi, poti Nairobi ndi kozizira pamene nsombazo n'za kotentha.

Akaweruka kuntchito ankangofikira pathanki, chikwama chili m'manja.

"Mwaswera bwanji, ana inu?"

Ine ndili chiimire pakhomo la kukhitchini ngati mzati.

Tsiku lina tili ndi alendo patebulo, ndinalephera kupirira. Ndinati, "Bambo, tsiku lina mudzapeza ndazikazinga nsomba zanuzi, ndi tomato yemwe." Alendo anafa nazo n'kuseka. Amuna anga anaseka ndi mano okha. M'mawa mwake ndinapeza loko pakabati kapansi pa thanki, momwe ankasungamo chakudya cha nsomba ndi zipangizo. Loko, m'nyumba mwanga momwe! Zinandipweteka kwambiri.

Nyengo ya mvula yaikulu itafika, kuntchito anawatuma kunja kwa dziko kwa sabata ziwiri. Panalibe kuchitira mwina. Anandipatsa kiyi ndi pepala lodzadza mbali zonse ziwiri.

"Mayi, muwerengeko ndithu pepalali."

"Ndalera ana awiri ine. Tinsomba tindikanike?"

Ndinalipinda n'kuliponya pamwamba pa firiji. Paja amati ndikudziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Lachitatu masana kunagwa mvula yamkuntho yoti sindinaionepo. Mtengo waukulu wa jakaranda unagwera mawaya kumsewu kwathu, magetsi n'kuzima dera lonse. Pampu ija inangoti zii. Ndinati, "Zikomo, makutu apumeko." Poti chophikira chinali chamagetsi, ndinatulutsa mbaula, yomwe kumeneko amati jiko. Makala anali atanyowa. Ndinapapasa pamwamba pa firiji, ndinapeza pepala louma bwino, ndipo moto unayaka kamodzi n'kamodzi.

M'mawa wa Lachinayi ndinapeza nsomba zonse zili pamwamba pa madzi, kukamwa kuli yasa yasa. Duwa lija linali litafota ngati therere la dzana. Nditapisa chala, madzi anali ozizira ngati a mumtsuko. Zikafa nsombazi, ndani akakhulupirire kuti ndi magetsi? Ndinali nditalonjeza kuzikazinga pamaso pa mboni. Amuna anga sanali munthu wokalipa. Akanangoti chabwino, koma mumtima akanadziwa kuti ndinazilekerera dala, ndipo loko uja sakanachokanso pakati pathu. Zimenezo ndiye ndinkaziopa kuposa imfa ya nsombazo.

Nanga wodwala timamutani kwathu? Timamukakamiza phala. Ndinatsekula kabati, ndinathira chakudya masupuni awiri m'malo mwa kakunsonga kamene bambo ankathira.

Lachinayi linalinso tsiku lomwe amayi achimalawi tinkakumana kupemphera, ndipo sabata imeneyo kunali kwanga. Anabwera anayi, atakwinya madiresi chifukwa cha matope. Atamva nkhani, mapemphero anasanduka kuzonda matenda. Anakoka mipando n'kuizunguliza pathanki, manja m'masaya.

"Pepani ndi odwalawa."

"Koma zadya?"

Wamkulu pakati pathu anali mayi wina wa ku Ntcheu, wamawu ngati belu, yemwe ankadziwa mankhwala a nthenda iliyonse. Anati, "Amake mwana, mphamvu zili m'mimba. Phikani dzira." Ndinaphika. Anafikisa chikasu cha dziracho ndi zala n'kumwaza m'madzimo. Wina anaonjezera nyenyeswa za buledi kuti naye asaoneke wouma mtima. Pofika masana madzi anali ngati otsukira mpunga, ndipo fungo linayamba kumveka.

Foni inali itafa limodzi ndi magetsi. Ndinawasiya amayiwo, ndinathamangira minibasi yopita m'tauni, yomwe kumeneko amati matatu, kusitolo ya mmwenye wina wachikulire komwe amuna anga ankagula za nsomba. Ndinafotokoza m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili changa cha pamsika. Funso lake loyamba linali lakuti, "Simunazipatse chakudya, eti?"

"Ndazipatsa ndithu. Ndi dzira lomwe."

Mkuluyo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mama! Bwana wanu sanakusiyireni pepala? Tinalemba limodzi pompano. Mzere woyamba weniweni, magetsi akazima osazipatsa chakudya!"

Ndinayang'ana pansi. Mzere woyambawo ndi umene unayamba kugwira moto.

Anandiuza kuti chakudya chotsala chimavunda n'kumaliza kampweya kochepa kotsala m'madzi. Nsomba ingathe sabata osadya, koma singathe tsiku osapuma. Ndikachotse zovundazo ndi paipi, ndikataye gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, ndikathire a m'zigubu za bambo, osati a pampopi ayi. Ndikafunditse thanki mabulangete, ndikayandamitse mabotolo a madzi ofunda. Mpweya ndikapope ndi pampu ya njinga, kapena kutunga madzi ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba, osalekeza. Magetsi akayaka ndisathamangire kuyatsa nyale, ndipo chakudya chidikire masiku awiri. Anandipatsa kapaipi kolumikizira, n'kundiuza kuti pole sana, ndiye pepani wa kumeneko.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi aja ataunjikana pathanki. Kachikasu kaja kanali katagona cham'mbali pamchenga.

Mayi a ku Ntcheu anati, "Ndapha ndine ndi dzira langa."

"Tapha tonse," ndinatero. "Koma zisanu zikupuma. Vulani nsapato."

Ndinabwereka pampu ya njinga kwa mlonda wa pageti. Pokoka madzi oipa ndinayamwa paipi mwamphamvu mpaka ndinameza. Abale inu, madzi amchere osakaniza dzira lovunda! Ndinalavula ndikutukwana Mombasa ndi sitima yake yomwe, anzanga akugubuduka ndi phwete. Tinatenthetsa madzi pambaula, tinadzadza mabotolo a zakumwa, tinakulunga thanki ndi bulangete la ukwati wanga, n'kusiya kampata kosuzumirapo.

Kenako kupopa. Mukamaona munthu akupopa njinga mumati n'zamasewera, koma yesani ola lathunthu. Wina ankapopa, wina akutunga ndi kuthira, enafe tikupuma. Posakhalitsa tinapeza kuti manja akuyenda mmene ankayendera pamtondo tili atsikana, uyu akatsitsa uyo akukweza. Mayi a ku Ntcheu anayambitsa nyimbo ya pamtondo, ife n'kusintha mawu kuti inyoze amuna oweta nsomba zosadyedwa. Tinali akazi a mabwana a m'maofesi, ena ovala mawigi, koma tsiku limenelo Westlands inamva kusinja.

Anzangawo sanandithawe. Anagawana nthawi ngati pamaliro, awiri masana, awiri kugona konko. Amuna awo akabwera kudzawatenga tinkawagwiritsa pampu. Bambo wina wolemekezeka kwambiri kuntchito kwawo anapopa atavala tayi, thukuta lili kamukamu, akufunsa kuti, "Koma zikapulumuka tidzalawako?" Mkazi wawo anawamenya ndi jagi paphewa.

Ine m'masiku amenewo ndinaziyang'anitsitsa nsombazo kwa nthawi yoyamba. Ndinkasuzumira pakampata kaja n'kumawerenga kupuma kwawo. Ndinaona kuti mwa ta lalanje tija, kakakulu kankalamula, kakang'ono n'kumanjenjemera pambali. Mmwenye uja anadzandiuza pambuyo pake kuti kakakuluko ndi kakakazi. Ndinati ameneyu ndiye mnzanga. Lachisanu kamodzi kobiriwira kanayamba kupendama, ndipo ndinadzimva ndikukachonderera mokweza, "Iwe, limba mtima, usandichititse manyazi." Tinasinthanso madzi pang'ono, tinaonjezera botolo lofunda, ndipo madzulo kanawongoka.

Loweruka masana, tili pakati pa nyimbo, pansi pa thanki panamveka ng'iii. Timathovu tinayamba kukwera tokha. Mayi a ku Ntcheu anaponya pampu uko n'kuimba nthungululu, ife tonse n'kulandira. Mayi wachikenya woyandikana nafe anathamangira pampanda kudzafunsa ngati kwabadwa mwana.

Ndinachita zonse monga anandiuzira mkulu uja. Nyale ola limodzi tsiku loyamba, maola atatu lachiwiri. Chakudya ndinadikira masiku awiri, ngakhale dzanja linkandiyabwa, ndipo ndinathira kakunsonga chabe. Madzi anayera pang'onopang'ono. Patapita masiku anayi duwa lija linatambasula kachala kamodzi, kenako tonse, ta lalanje tija n'kulowamo ngati palibe chachitika.

Panatsala nkhani ya kachikasu. Kukataya sindikanatha, chifukwa umboni wanga unali womwewo. Firiji inali yakufa tsiku limene kanafa. Ndiye ndinachita zomwe mwana aliyense wa mayi anga akanachita. Ndinakatumbula, ndinakapaka mchere, ndinakayanika pawindo la kukhitchini, kenako ndinakakulunga m'kampango.

Amuna anga atafika anatula sutikesi pakhomo n'kulunjika pathanki. Anali atamva kale za mkuntho kwa woyendetsa galimoto. Anawerenga ndi chala. Anabwerezanso.

"Kachikasu kaja?"

Ndinapita kukhitchini, ndinabwera nako pasosala.

"Ndi aka. Sindinadye. Onani, ndi mutu womwe ulipo."

Ndinaulula zonse ndili chiimire. Kuti pepala sindinawerenge, kuti ndinakolezera mbaula, za masupuni awiri, za dzira, za buledi. Iwo anali kuyang'ana sosalayo. Anakatembenuza ndi chala, anakanunkhiza.

"Mwakapaka mchere?"

"Eya."

"Nsomba yoti yakhala mumchere moyo wake wonse?"

Anaseka, abale, anaseka mpaka anakhala pansi pasimenti, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinkaganiza kuti ndiseka nawo, poti ndinali nditapulumuka. M'malo mwake ndinayamba kulira. Ndinalira kulira kwenikweni kwa mamina, ine mwana wa mayi wogulitsa matemba, kulirira kansomba kosakwana ndi ndiwo za mwana.

"Kanali kodwala, ine ndimati ndikukathandiza," ndinatero. "Ndinakapha ndi dzanja langa."

Anasiya kuseka. Anadzuka, anandigwira manja kuti anditonthoze, ndipo m'pamene anaona zikhatho zanga, matuza a pampu ataphulika n'kuyamba kuuma. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

Ndinasolola dzanja limodzi, ndinatulutsa kiyi m'thumba la epuloni.

"Nayu kiyi wanu."

Anamulandira, anagwada pakabati kaja, anatsekula loko n'kumuchotsa. Anatuluka naye panja, ndipo ndinawaona pawindo akumupatsa mlonda kuti azikhomera njinga yake.

Tsiku lotsatira ataweruka kuntchito, ndinamva chitseko chikutseguka, kenako mawu akuti, "Mwaswera bwanji, mayi?" Anayambira ine. Koma anachita kubwereza kawiri, chifukwa ndinali nditafulatira khomo, mphuno ili pagalasi, ndikuona ngati kobiriwira kaja kadya.