Gaétan, Woyimba Nyimbo za Eni

Gaétan Robitaille wa ku Trois-Rivières, m'chigawo cha Quebec ku Canada, wakalamba akukonza mabasi a ana asukulu, koma mukamufunsa ntchito yake amati ndi woyimba kiyibodi. Sanama ayi. Ali mnyamata, mkulu wake anabwera ndi chimbale cha gulu lina la ku England, la nyimbo zazitali zija zoyamba ngati za m'tchalitchi n'kuthera kwina, ndipo mtima wake unapita komweko osabwerera.

Gululo linatha kalekale, ena anatsikira kuli chete, koma anthu a ku Quebec sanavomereze malirowo. Ndiye Gaétan ndi anzake anayi analowa chokolo. Ankayimba nyimbo za gululo ndendende monga zilili pa chimbale. Ndikati ndendende, mundimve: pamene chala cha woyimba gitala wa ku England chinaterereka, naye Normand, wa gitala wawo, ankatereretsa chake mwadala, madala a imvi m'holo n'kuwomba m'manja. Ukakonza cholakwikacho, ankakudikira pakhomo kuti ufotokoze bwino.

Chimene chinkamudya Gaétan n'chakuti anali ndi nyimbo yakeyake. Anaipeka m'chipinda chapansi pa nyumba yake, chisanu chikatseka misewu, chaka ndi chaka kuwonjezera pang'ono. Sankafuna kutchuka. Ankangofuna anthu aimve kamodzi, adziwe kuti ndi yake.

"Aise, anthuwa sabwerera iwe," Normand ankamuuza. "Akufuna akufa aja. Iwe ndi ine ndife majekete awo basi."

Nyamakazi itayamba kumugwira zala, Gaétan anati chikondwerero cha nyimbo cha m'chilimwe ndicho chomaliza. Apo Normand anafewa.

"Chabwino mdala, nyimbo yakoyo tiyiponye pakati. Koma zoti ndi yako unene ikatha, osati isanayambe, angatigende ndi zitini za mowa."

Lamlungu masana, m'paki, anaiyimba. Anthu anatchera khutu. Kiyibodi itakwera, wina anavula magalasi n'kupukuta misozi, ndipo pomaliza onse anaimirira. Gaétan anasendera ku maikolofoni kuti aulule kuti nyimboyo ndi yake. Koma asanatsegule pakamwa wa ng'oma anali atalowa kale nyimbo yotsatira, poti pa zimbale za gulu lija nyimbo zimangolumikizana, ndipo manja ake anazolowera choncho. Gaétan anabwerera pampando wake mwachangu kuti asaphonye polowera.

Atatsika pansanja, anamugwira mkono Bambo Lachance, mkulu wa ndevu amene ali ndi chimbale chilichonse cha gululo ndipo sachedwa kukuuza zimenezo.

"Bambo Robitaille, mwandiliza lero! Ija ndi nyimbo yawo imene sanaitulutse, eti? Mwaipeza kuti?"

"Ndi yanga. Ndinapeka ndine."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Iii, musandipusitse inu! Munthu wakonkuno angapeke zotere? Dzanja la wa kiyibodi wa gulu lija ndimalidziwa ine, ndakula nalo. Kungoti pakati paja, pamene mwatsala nokha, mwaphonya pang'ono. Iyeyo sakanadutsa njira imeneyo. Mukamverenso bwinobwino."

Zinamuwawa Gaétan, ndipo zinawawa chifukwa khutu la mkuluyo silinaname. Mu nyimbo yonse ija, pakati pamenepo ndi pokhapo pamene sanatengere kwa munthu.

"Pepani," anatero, n'kuwerama kuyamba kukulunga nthambo zake.