Batani Lobiriwira la Pamalire

Achimwene anga ndi dalaivala wa thiraki. Sabata imene matenda a amayi anakula, iwo anali pamzere wa magalimoto pamalire a Mwanza, kudikira mapepala a katundu. Ife tinali ku Thambani, mtunda woti njinga yamoto imapita n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Kampani imene ankagwirako ntchito inali itawaikira pulogalamu pafoni. Munali batani lolembedwa kuti ukalidina, mapepala ako awafulumizitsa. Ukadina, kagudumu kankazungulira, batanilo n'kubiriwira, kenako mawu akuti pempho lalandiridwa.

Ndinawaimbira foni. "Achimwene, amayi asiya kudya. Isiyeni galimotoyo, bwerani."

"Ndadina kale, chemwali, chabiriwira," anatero. "Akangondimasula ndikaimika pa Boma, ndifika. Ndikaisiya pamzere pano ntchito yatha."

Ndinapsa mtima, komabe nanenso ndinakhulupirira. Achimwene, munthu amene sakhulupirira ngakhale geji ya mafuta, mpaka amapisa ndodo m'thanki, anagonja kwa kabatani. Akanauzidwa poyera kuti palibe chimene angachite, ndikudziwa akanapempha dalaivala mnzawo kuti awayang'anire galimoto, iwo n'kukwera njinga. Koma chinthucho chinkawapatsa chochita. M'mawa kudina, masana kudina, n'kumanditumizira chithunzi cha kubiriwirako. Ine ndinkapita nacho pamphasa pamene amayi anagona, n'kuwayandikizira foni kumaso.

"Ndiye kuti ali m'njira," amayi ankatero. "Musatseke chitsekocho."

Achimwene anafika titasambitsa kale thupi.

Patapita miyezi, mkulu wina wa ku ofesi ya kampaniyo anawauza m'macheza, akuseka, kuti batanilo silitumiza uthenga kwa munthu aliyense. Analiika kuti madalaivala asiye kuimbaimba foni ku ofesi. Sankadziwa kuti akulankhula ndi munthu wofedwa. Achimwene anandifotokozera zimenezi atakhala pakhonde, akusisita chala chachikulu pabondo, osandiyang'ana.

Zimandiwawa mpaka lero. Bola a kampaniwo akanangowakaniza, pakuti munthu akakanizidwa amafuna njira ina.

Zithunzi zija zikadali m'foni mwanga, zonse zofanana, zobiriwira. Foni imadandaula kuti yadzaza, ana amati ndizifufute. Ndimalephera. Ndi zokhazo zimene amayi anaona za mwana wawo wamwamuna asanatseke maso.